Mapazi Opanda Zidendene

Pakhomo panga ndimasesa kawiri. Kusesa kwa m'mawa n'kwa zinyalala, monga amachitira aliyense. Kwachiwiri ndimasesa ndikatsala pang'ono kunyamuka kupita kumsika, ndikuyenda chafutambuyo mpaka pachipata, tsache likufufuta mapazi anga omwe. Ndikabwerako sindifunsa munthu kuti kunabwera ndani. Ndimayang'ana pansi. Munthu ukamufunsa amakupatsa zimene wakonza, koma dothi limakupatsa zimene zachitika. Ndinkakhulupirira choncho ndi mtima wonse mpaka chaka chimene mdzukulu wanga anali fomu thuu.

Ine ndinabadwira kumalire a Kasungu, kumene mwana amakhala wa kuchikazi. Ku Mzimba kuno ndinabwera ndi malemu amuna anga, omwe ankacheka matabwa ku Chikangawa mpaka utuchi unawatseka chifuwa. Anandisiyira nyumba ya zipinda zitatu pa boma pano, ndi ina kuseri imene inalekezera m'mawindo, yopanda denga, yopanda simenti pansi. Ndimagulitsa kaunjika. Belo likatsegulidwa ndimapisa m'thumba lililonse, ndimatembenuza chovala chilichonse kuti ndione m'khwapa ndi m'misoko, chifukwa diresi lokongola pamwamba ndi limene limabisa chiboo. Anthu nawonso ndimawatembenuza chimodzimodzi. Ena amati ndi nkhanza. Amene amatero ndi omwe ndinawapeza ndi chiboo.

Mwana ndinabereka mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anakwatiwa ku Edingeni. Ng'ombe zinaperekedwa. Ine ndi umbuli wanga wakwathu ndinaziona ngati ulemu chabe. Tanthauzo lake ndinalimva tsiku limene tinamuika m'manda, kamtsikana kake ka zaka zisanu ndi ziwiri katandigwira chitenje. Mlongo wamkulu wa bambo ake a mwanayo, amene kuno amati ankhazi, anandikokera pambali nati, "Mwana uyu ngwithu, amama. Ng'ombe zikaluta." Ndiye kuti mwana ndi wawo, ng'ombe zinapita kale. Koma poti bambo ake anali paulendo wa ku Joni, ndipo sukulu pa boma ili pafupi, anandibwereka. Mawu ake ndi amenewo, kubwereka. Ankhaziwo anawonjezera kuti tsiku limene adzamve chokhota chilichonse, adzabwera kudzatenga chawo.

Choncho kwa zaka zisanu ndi zitatu ndinalera mwana ngati munthu amene wasungitsidwa mbale yagalasi ya eni ake. Ndinkamununkhiza yunifomu. Ndinkadziwa nthawi imene mwendo wa mtsikana umatenga kuchokera pageti la sukulu kufika pakhomo. Anzake obwera kudzacheza ankathera pakhonde. Sindikupepesa pa zimenezi. Anzanga a kumsika amene ankandiseka, lero akulera zidzukulutudzi za ana osamaliza sitandade eyiti.

Chaka chimenecho bambo ake anamutumizira foni kuchokera ku Joni. Ndinakana kuti ikhale ndi nambala, ndiye inangokhala ya nyimbo ndi zithunzi. Pafupi ndi depoti pali kashopu kamene amaika mafilimu m'makadi a foni, ndipo atsikana onse a m'dera lathu anali atapenga ndi sewero lina la ku Koreya la magawo ambirimbiri, lomwe munthu wina analankhulira Chichewa pamwamba pake. Tsiku lina ndikusankha zovala pamphasa, anabwera kudzakhala pafupi nane, foni ili m'manja.

"Agogo, taonani pang'ono pokha. Uyu ndi mngelo, koma mtsikanayu sakudziwa. Watumidwa kuti azimuyang'anira. Ndiye saloledwa kumukonda, koma wayamba kumukonda."

"Mtsikanayo amagwira ntchito yanji?"

"Amavina."

"Basi? Nanga mnyamatayo wanena kwawo?"

"Sanganene, agogo. Ndi kumwamba."

"Mwamuna wosanena kwawo si mngelo," ndinatero. "Ali ndi mkazi ndi ana atatu ku Jenda."

Anaseka mpaka kugwetsa mutu paphewa panga, nandiyandikiziranso foniyo kumaso. Ndinaikankha ndi kuseri kwa dzanja osayang'anako n'komwe. Ndinamuuza kuti ndilibe nthawi yoonera anthu odzola ufa. Ine amene ndimatembenuza chilichonse, chinthu chokhacho chimene mwana anachita kundibweretsera yekha sindinachiyang'ane.

Zizindikiro zinayamba mwezi wa Okutobala. Choyamba, m'belo la makatani munasowa katani imodzi yaneti, yoyera, imene ndinali nditaiika padera. Chachiwiri, mwana anayamba kuvala masokosi tsiku lonse, kutentha konse kuja, ngakhale potsuka mbale. Ankatsimphina pang'ono akamaganiza kuti sindikumuona. Chachitatu, anayamba kuyimba chapansipansi nyimbo yopanda mawu, ndi kumwetulira khoma. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu akayamba kumwetulira khoma, khomalo limakhala ndi dzina.

Pabwalo lakutsogolo dothi silinkanena kanthu: nsapato zake za kusukulu kulowa, basi. Ndiye ndinakumbukira kuti m'nyumba yosamaliza ija sindinkasesamo. Lolemba lina ndinasesamo bwinobwino, ndinawaza phulusa losefa pansi ponse, n'kupita kumsika.

Zimene ndinapeza madzulo ake sindinazionepo chibadwire. Phulusa lonse linali lopondedwa, koma panalibe phazi lathunthu ngakhale limodzi. Zala zokhazokha. Palibe chidendene. Ndipo zinali za mitundu iwiri: kwina zala zisanu za phazi lopanda nsapato, zimene ndinazidziwa kuti ndi zake, kwina timaenje tozungulira ta nsonga ya nsapato, tozama, ngati munthu wolemera waimirira pamenepo. Tinkazungulirazungulira, tinkayandikana, pena n'kukhala mzere wokhwekhwereza. Ndinagwada n'kuyeza ndi chala. Oyenda monyang'ama popanda chidendene ndi awiri okha padziko pano, wakuba ndi wachibwenzi. Ndipo m'nyumba yopanda denga munalibe choba.

Mwamunayo sindinavutike kumupeza m'mutu mwanga. Kuseri kwa mpanda wathu kunkachita lendi dalaivala wa lole ya matabwa a ku Chikangawa, bambo wa mkazi ndi ana, amene masiku ena masana ankakhala pakhomo. Ankandipatsa moni wofewa kwambiri, "Monire agogo," atagwira chipewa pachifuwa. Munthu wopanda chifukwa sapereka moni wotero. Tsiku lotsatira ndinaona pampanda pake atayanika nsapato zoyera zansalu. Ndinaziyang'ana nsonga zake nthawi yaitali.

Mwina mukuti bwanji sindinabisale kuti ndione ndi maso. Ndinabisala, kawiri konse. Ndinatsanzika ngati ndikupita kumsika, n'kukalowa m'bafa, n'kukhala pandowa dzuwa likundiwotcha paliwombo. Maulendo onse awiri mwana anabwera, anaima pang'ono pachipata, kenaka analowa m'nyumba, anatsuka mbale, n'kukhala pakhonde ndi buku mpaka ine miyendo inachita dzanzi. Pambuyo pake ndinazindikira chifukwa chake. Mizere ya tsache langa inkathera pakhomo la bafa, osati pachipata. Mwanayo anali ataphunzira kuwerenga dothi kwa ine ndemwe. M'malo monyadira, ndinati umenewu ndiye umboni womaliza: wosalakwa sayang'ana pansi asanalowe kwawo.

Tsono mwambo wa kuno ndi wakuti nkhani ya mtsikana ndi mwamuna si ya agogo akuchikazi. Ndi ya ankhazi. Ine ndinalibe mphamvu yomuvula, yomufunsa, kapena yoitana mwamunayo pabwalo. Ndipo mimba ikanaonekera ine ndisananene, akanati ndinkadziwa, mwinanso ndinkadya nawo za dalaivalayo. Ndinaganiza usana wonse ndili pabenchi langa kumsika. Ndinati ndikanena msanga, aona kuti maso anga sagona, amulanga mwana, amuopseza mwamunayo, n'kundisiyira mdzukulu wanga. Ndinaimba foni Lachinayi. Ndinati, "Kukubwera mwamuna pakhomo pano ine ndikachoka." Sindinati mwina. Sindinati ndikuganiza. Ankhaziwo anangoti, "Yewo, amama," n'kudula.

Anafika Loweruka dzuwa lisanafike pamutu, iwo ndi asebele anga, mayi ake a bambo a mwanayo, gogo wamfupi wosalankhulalankhula. Phulusa lija ndinali nditalivundikira ndi malata awiri akale kuti nkhuku zisafufute. Ndinawatengera kuseri, ndinavundukula, ndinawalozera ndi kamtengo ngati mphunzitsi: izi zala za mwana, iyi nsapato ya dalaivala wa kuseri kwa mpandayu, apa anaima moyandikana. Anagwedeza mitu. Ndinamva kukoma, sindibisa.

Kenaka anamuitana mwana n'kulowa naye kuchipinda. Ine anandiuza kuti ndidikire pakhonde, m'nyumba mwanga momwe. Ndinkamva mawu a ankhazi akuti vula, tembenuka, kweza manja. Amayang'ana mawere, amayang'ana mtsempha wapakhosi, amakanikiza pamimba. Mwana sanalire. Atatuluka, asebele anandiyang'ana n'kupukusa mutu kuti mulibe kanthu. Koma ankhazi anali atagwira masokosi m'manja.

"Amama, mapazi a mwana uyu munawaona liti?"

Ndinayang'ana. Zikhadabo za zala zazikulu zonse ziwiri zinali zakuda, china chitayamba kuzuka. Pamwamba pa zala panali matuza, ena ophulika, ena omangidwa tinsanza. Ine wonunkhiza yunifomu, mapazi amenewa ndinali ndisanawaone.

Tinamukhazika pansi m'nyumba yosamaliza ija, pafupi ndi phulusa.

"Ndi ndani?" anafunsa ankhazi.

"Palibe, ankhazi."

"Nsapato iyi ndi ya ndani?" anafunsanso, akuloza timaenje ta paphulusa.

"Ndi yanga."

Ndinamumenya mbama ndine. Sinali ntchito yanga, koma ndinkafuna aone kuti sindinyengerera. Anagwira tsaya, anandiyang'ana kamodzi, kenaka anadzuka n'kupita pakona pamene panali mulu wa njerwa zotsala. Anachotsa njerwa zinayi natulutsa jumbo yakuda. M'menemo munali katani yanga yaneti, yodulidwa, yopindidwa katatu n'kusokerera pa lamba wa lasitiki ngati siketi yaifupi yotukumuka. Munalinso nsapato zansalu zoyera za m'belo langa lomwe, zimene sindinadziwe n'komwe kuti zinasowa. Kunsonga kwake anali atazipakira katoni ndi siponji ya matiresi mpaka kulimba ngati chibakera, ndipo m'mbali anasokereramo timalamba tansalu tomangira m'miyendo. Anatenga nsapato imodzi, anagwada, naika nsonga yake m'kadzenje ka paphulusa. Inalowa ndendende.

"Ndimayamba ndi mapazi okha," anatero, osakweza mutu. "Zala zikatentha ndiye ndimavala. Ndimayeserera mtsikana wa m'sewero lija. Amavina ataimira pansonga za zala."

Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti akunena zoona. Ndi zimene ndiyenera kulemba mosazungulira, chifukwa zonse zimene ndinachita pambuyo pake ndinazichita ndikudziwa. Munthu wachiwiri kunalibe. Koma ankhazi anali atatembenukira kwa ine, nsidze zili m'mwamba, ndipo ndinaona mmene nkhani idzamvekere ku Edingeni: gogo wa Chichewa uja anatikweza minibasi chifukwa cha katani. Ndiye ndinalimbitsa nkhope.

"Nsapato aliyense akhoza kubisa pansi pa njerwa," ndinatero. "Ngati ndi zoona, vina tione."

"Agogo."

"Vina. Si umavinira makoma? Ife tikuposa makoma."

"Vina tiwone, mwana," anatero ankhazi, akukhala bwino panjerwa ngati afika pa chionetsero.

Anavala pamaso pathu. Anamanga timalamba tija pang'onopang'ono, navala siketi yaneti pamwamba pa diresi lake lapanyumba. Anaika foni panjerwa. Munatuluka kanyimbo kowonda, kopanda ng'oma, ngati kulira kwa udzudzu wophunzira. Anaima pakati pa phulusa, anapuma kamodzi, n'kukwera.

Ndinene zimene ndinaona. Mwana anatalika. Khosi lake linatuluka m'mapewa ngati la mayi ake, manja anakwera pamwamba pa mutu mofewa ngati alibe mafupa, ndipo anayenda timasitepe ting'onoting'ono pansonga zenizeni za zala zowola zija, nkhope osaonetsa ululu. Anazungulira kamodzi, neti ija inatambasuka, phulusa linanyamuka mpaka m'mawondo dzuwa likuwalamo. Sizinali ngati za m'sewero, ndinadzaona pambuyo pake kuti ankalakwitsa zambiri. Koma anali ataziphunzira yekha, kuchokera pagalasi laling'ono ngati chikhatho, m'nyumba yopanda denga, miyezi ingapo, ndipo kwa kanthawi kochepa sindinamudziwe. Zimenezo n'zimene zinandiopsa kuposa mwamuna. Mwamuna ndikanadziwa pomugwira.

Nyimbo ija inali itakopa anthu. Pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa mkazi wa dalaivala uja, ndi amayi ena awiri a m'malendi. Asebele anga anaweramira kwa mwana wawo n'kufunsa motsitsa, mwamantha enieni, "Vimbuza ivi?" Ankaganiza kuti mizimu yamugwira, monga imagwirira anthu kwawoko mpaka kuwavinitsa.

"Vimbuza vya ku Koreya," anayankha ankhazi, n'kuphulika kuseka.

A pampanda aja anasekanso. Ndipo ine ndinaseka kuposa onse. Ndinawomba m'manja, ndinapukuta misozi ndi chitenje. Ndinkafuna ndikhale mbali ya oseka.

"Taonani nkhuku yaponda moto," ndinatero mokweza kuti a pampanda amve. "Iwe, mngelo wakoyo akatsika n'kuona zikang'a zimenezo, abwerera kumwamba wapansi. Wa m'sewero uja ndi woyera ngati mkaka, mwana wa mabwana. Iwe ndiwe chiyani? Mwana wamasiye wovala katani yakuba."

Sanagwe. Ndikanakonda akanagwa, bwenzi nditamudzutsa. Anangoima, manja akadali m'mwamba, kenaka anawatsitsa, natsika pang'onopang'ono mpaka zidendene zinafika pansi. Anazimitsa nyimbo. Anavula neti ija, anaipinda bwinobwino monga ndinamuphunzitsira kupinda katundu wogulitsa, naiika pamiyendo panga. Ine ndinatola foni, ndinatsegula kuseri ndi chikhadabo, ndinachotsa kadi n'kuimanga pamfundo ya chitenje.

Ndinkayesa kuti zatha. Ndinawaphikira tiyi alendo pakhonde, ndikulankhula zambirimbiri za ana a masiku ano. Ankhazi anamwa kapu yonse, anaiika pansi, napukuta pakamwa.

"Yewo chomene, amama. Mbwenu mwana alongedze."

Ndinati sindinamve.

"Mwatiitana nokha," anatero m'Chichewa chawo chokoka. "Munati kukubwera mwamuna. Ine sindikananyamuka osauza abambo ake aang'ono, mwambo suterotu. Iwo anaimbira bambo ake ku Joni. Panopa mudzi wonse ukudziwa kuti mwana wathu ali ndi mwamuna pa boma. Ndikabwerera chimanjamanja n'kukanena kuti ayi, amangovina yekha ndi katani, ndani akandikhulupirire? Ndipo akakhulupirira, afunsa kuti miyezi yonseyi zala zikuwola, agogo ake anali kuti. Kaya ndi mwamuna, kaya ndi misala, zachitikira pakhomo panu inu osadziwa."

"Nanga sukulu?"

"Kwathu sukulu iliko."

Inaliko, ulendo wa maola awiri wapansi, kuwoloka madambo. Ndinagwada pakhonde langa lomwe. Zaka zonse ndakhala ku Mzimba ndinali ndisanapemphepo munthu m'chinenero chawo, koma tsiku limenelo ndinati, "Ndapota." Ndinabwereza katatu. Ndinati ndinalakwitsa ndine, mwanayu sanalakwe, ndinaona ndekha kuti nsapato yalowa m'dzenje. Asebele anga anayang'ana kumbali. Ankhazi anati, "Ndiye munkamusekeranji?"

Mwana analongedza msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Chikwama chimodzi ndi jumbo ya mabuku. Atafika pachipata anabwerera masitepe awiri, nagwada patsogolo panga monga amachitira mwana wotsanzika. Ndinkadikira kuti andipemphe ndimulankhulire. Iye anati:

"Agogo, kadi ija. Kwatsala gawo limodzi lokha, lomaliza. Ndinkalisungira ndikamaliza mayeso."

"Ndaponya m'chimbudzi," ndinatero.

Inali pamfundo ya chitenje changa, ikundikanda pamimba. Kwa zaka zingapo ndinkadziuza kuti ndinaisunga kuti adzakhale ndi chobwerera. Koma munthu sabwerera chinthu chimene wauzidwa kuti chili m'chimbudzi. Zoona zake n'zakuti tsiku limenelo ine ndinkalandidwa, ndipo ndinkafuna wina alandidwenso. Amene anali pafupi, amene ndikanatha kumulanda, anali iyeyo.

Anandiyang'ana, anayang'ana pabwalo, nadzuka n'kutsatira ankhazi ake.

Za pambuyo pake ndinkazimva kwa anthu a m'maminibasi. Fomu firii anaiyamba, koma mvula itagwa madambo anadzaza, ndipo fodya kumunda kwa abambo ake aang'ono ankafuna manja. Mbiri ya mwamuna wa pa boma inamutsatira, poti nkhani ya katani palibe amene anaikhulupirira. Ankati ndi bodza lophimbira. Patapita zaka ziwiri anamupezera mlimi wa fodya wa cha ku Jenda, wamkulu ndithu, amene sanafunse zambiri. Ng'ombe zinapitanso. Ine anandiuza ukwati utachitika kale. Mkazi wa dalaivala uja sanandipatsenso moni mpaka anasamuka, chifukwa ankhazi pochoka anamuuza amene ndinkamuganizira.

Kadi ija ndinaiika m'foni yanga. Ndinaonera sewero lonse kumsika, masana makasitomala akachepa, foni nditaibisa pansi pa mulu wa masiketi kuti anzanga asaone. Ndinkafufuza chiboo. Ndinkati penapake payenera kukhala zolaula zimene zinandionongera mwana, kuti ndikhale ndi chonena. Ndinatembenuza gawo lililonse. Mnyamata uja ankangomunyamulira chikwama mtsikanayo, kumudikira panja pa nyumba yovinira, ndi kumumanga zilonda za m'zala. Zala zake zinalinso zakuda, mwana wa mabwana uja. Mngeloyo mpaka lero sindimukhulupirira, munthu womwetulira chomwecho amakhala ndi chake. Koma chiboo sindinachipeze. Ndinaoneranso gawo lomaliza, limene mwini wake sanalione.

Chaka chatha, nyengo yokolola, mdzukulu wanga anabwera. Anali atapita ndi mwana wake kuchipatala pa boma pano, ndiye anadzera. Ndinamupeza ataima kunja kwa chipata, osalowa, ngati mlendo. Wanenepa m'chiuno, manja akhakhala ndi fodya. Anagwada n'kundipatsa moni m'Chitumbuka chokhachokha, chaulemu wonse. Ndinamuyalira mphasa pakhonde. M'nyumba anakana kulowa, anati minibasi imusiya.

Ndinatambasula manja kuti ndilandire khandalo. Anakonza nsalu kumsana n'kulisiya komweko.

"Akudwala chifuwa," anatero. "Ankhazi ake anati asamagwidwegwidwe. Mukudziwa, agogo, mwana ngwawo."

Ndinamufunsa za fodya, anayankha. Ndinamufunsa za amuna ake, anati ali bwino. Kenaka ndinalowa kuchipinda, ndinatenga kadi ija m'kabotolo ka mafuta odzola mmene ndimaisunga, ndinaiika pamphasa pakati pathu.

"Sindinataye," ndinatero.

"Ndinkadziwa."

"Unadziwa bwanji?"

"Munasesa m'mawa uja chifukwa cha alendo. Njira ya kuchimbudzi inali ndi mapazi a ankhazi okha."

Analankhula mopanda mkwiyo, ngati akundiuza mtengo wa tomato. Zaka zonsezi ankadziwa kuti ndinamunamiza ali chigwadire.

"Tenga," ndinatero. "Kapena ndikuuze mmene zinathera? Ndinaonera. Mngelo uja..."

"Ayi, agogo. Sungani. Kwathu kulibe nthawi ya zimenezo."

Anadzuka, anakutumula chitenje, anatsanzika mwaulemu womwewo, n'kutuluka. Sindinamuperekeze patali, mawondo anga salola. Nditabwerera ndinaima pachipata n'kuyang'ana pansi, poti ndi zimene ndimadziwa. Mapazi ake anali pamenepo, kulowa ndi kutuluka, a patapata wakutha mbali imodzi. Ndi kulemera kwa mwana kumsana, zidendene zinali zitalowa kwambiri m'dothi. Mawa lake sindinasese, ngakhale mkuja wake. Tsiku lachitatu nkhuku za aneba zinalowa n'kupalasa ponse, ndipo ndinatenga tsache.